Mapunga Apita Kunkhondo

Chaka chimenecho, ufulu udakali wakhanda, nkhondo inafika ku Kaporo pa njinga. Anaibweretsa ndi a Manase, wapampando wa chipani m'deralo, munthu amene nkhani ikalowa m'khutu mwake ili mwanapiye inkatuluka pakamwa ili tambala. Anali atamva ku Boma kuti anthu aja anayambana ndi akuluakulu a dziko n'kuthawira ku Tanzania akukonzeka kuwoloka mtsinje wa Songwe ndi mfuti. Kuti ndi angati, sanadziwe. Kuti abwera liti, sanadziwenso. Koma anapalasa njinga mudzi ndi mudzi, matope mpaka m'mawondo, kuuza amuna onse kuti anole mikondo.

Yotamu Mwangosi sananole kanthu. Mvula inali itagwa bwino, minda ya mpunga inali itafewa, ndipo iye anali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli zoti zilime. Ina inali Jeki, wakuda, waulesi ngati mlamu wobwera kudzacheza. Inayo inali Mapunga, wofiira, wanyanga zopindikira m'kati, amene Yotamu anamupeza akadali kamwana posinthanitsa ndi mpunga wa chaka chathunthu. Kunena zoona, Yotamu ankamukonda Mapunga mopitirira muyeso, ndipo sankachita nazo manyazi. Dzuwa likamapendeka ankakoleza ndowe zouma m'khola kuti utsi uthamangitse udzudzu, kenako n'kuima pomwepo kumamukanda kukhosi, uku akumuuza nkhani zimene mkazi wake sankauzidwa.

Mkaziyo, Bertha, anali atazolowera mitala yamtunduwu. "Ine ndikatsokomola mumatembenukira kukhoma," ankatero. "Mapunga akatsokomola mumakafuna sing'anga."

Tsono ku Ngonde, kwawo kwa Yotamu, ng'ombe siyenda maliseche. Iliyonse imavala belu lake pakhosi, losulidwa ndi amisiri a m'mudzi, ndipo palibe mabelu awiri olira mofanana. Apa m'pamene panali ulemerero wa Yotamu. Ankatha kukhala pakhonde, nsana ataulozetsa kunjira, n'kumatchula ng'ombe iliyonse yodutsa, mwini wake, ngakhalenso mwendo umene ikutsimphina. Pamowa anthu ankamuyesa dala, iye osaphonya. Luso limeneli linamukulitsa mutu pang'ono, monga luso limachitira.

Askari, asilikali a boma, anabweradi, kagulu kochepa, pa lole imene inafika m'dambo n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Anaikankha, anaitukwana, lole osasuntha. Mkulu wawo anali Sajeni Wallace, mwana wa ku Dedza, amene anali asanaonepo dziko limene madzi ndi nthaka sizidziwa malire ake. Katundu yense anayenera kukafika kumsasa, kufupi ndi mtsinje. A Manase, pofuna kuonetsa kuti dera lawo ndi lomvera, anati iwo akudziwa munthu wokonda dziko lake amene angapereke ng'ombe ndi ngolo mwaufulu. Munthu wokonda dziko lakeyo anamva za ufulu wakewo alendo atafika kale pakhomo.

"Mugonile, tata Mwangosi," anapereka moni a Manase. "Boma likupempha ng'ombe zanu."

"Likupempha panji likutola?" anafunsa Yotamu, kufuna kudziwa ngati n'kupempha kapena kulanda.

"Funso limenelo mungakafunsire ku Boma, ngati mukufuna," anayankha a Manase motsitsa mawu. Yotamu sanafune. Amene ankapita kukafunsa mafunso masiku amenewo ankachedwa kubwerako.

Anatembenukira kwa sajeni, chipewa m'manja, n'kusonkhanitsa Chichewa chake chonse. "Bwana, basi nipite nazo ine. Ng'ombe izi zikumanya Chinkhonde pera. Chichewa sizipulika."

"Ziphunzira, madala," anatero Sajeni Wallace. "Dziko lonse likuphunzira. Kumsasa sikufika anthu wamba, n'zachinsinsi. Ndipo kuyambira lero izi ndi ng'ombe za boma. Wozikhudza wakhudza boma."

Motero Mapunga ndi Jeki analowa usilikali opanda wowafunsa. Yotamu anaima pamseu kuonerera zida zankhondo zikukwezedwa m'ngolo yake: mabokosi a zipolopolo, matenti, matumba a ufa, mgolo wosambiramo, ndi bedi lachitsulo la sajeni, miyendo m'mwamba. Askari wina amene chibadwire anali asanagwirepo chingwe cha ng'ombe anavula lamba wake n'kuyamba kuphunzitsa Chichewa pamsana pa Mapunga. Yotamu anamva lamba ameneyo m'thupi mwake momwe. Anayang'ana pansi, chifukwa nkhope yake ikanatha kumumangitsa.

Masiku otsatira, anzake akulima ndi mapulawo, iye ndi Bertha ankagaula munda ndi makasu, madzi m'akakolo. Munda umene Mapunga ankaumaliza asanatope, iwo ankaunyenya ngati mbewa. Koma Yotamu sankadandaula za munda. Mphepo ikachokera kumtsinje inkabweretsa kulira kwa mabelu awiri, chapatali zedi, ndipo iye ankaima chilili, khasu m'mwamba, n'kumawerenga zonse. Ankamva kuti akuwakoketsa masana dzuwa lili paliwombo. Ankamva kuti Jeki wayamba kukokera kumbali. Tsiku lina anamva kuti Mapunga akutsimphina mwendo wakutsogolo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Kenako mabelu anangoti zii.

Anafunsa a Manase ngati msasa wasamukira kumtunda. A Manase anati zimenezo n'zachinsinsi, ndipo anazinena mwa munthu wodziwa, ngakhale sankadziwa kalikonse. Chimene chinachitika n'chakuti Sajeni Wallace, atagona pabedi lake lachitsulo n'kuganiza mozama za nkhondo, anazindikira kuti mabelu aja akuulula msasa kwa adani. Analamula kuti awadule n'kuwaponya m'bokosi. Monga nzeru ya usilikali, inali nzeru ndithu. Kungoti sanauze munthu aliyense wa m'mudzi, poti chinsinsi chikauzidwa sichikhalanso chinsinsi.

Nthawi yomweyo amuna a m'mudzi anali atapatsidwa mbali yawo pankhondoyo. M'mawa uliwonse, asanapite kumunda, ankandandalika pamtumbira wotchinga madzi, mikondo m'manja, maso kubango lalitali lakumtsinje, kudikira zigawenga. Zigawenga sizinkabwera. Ankabwera ndi udzudzu, ndipo umenewo sunkasankha wa chipani kapena woukira.

M'mawa wina kunagwa nkhungu yoti munthu sakanatha kuona nsonga ya mkondo wake. Yotamu anaima pafupi ndi a Manase. Mwadzidzidzi m'bango munamveka phwa, phwa, phwa, chinthu cholemera chikuswa bango, chikupuma mwaphuma, chikubwera molunjika kumene iwo anali. Amuna ena anakumbukira kuti ali ndi ntchito zofunika kunyumba.

"Tata Mwangosi," ananong'ona a Manase, "kapena ndi ng'ombe?"

Yotamu anatchera khutu lake lotchuka lija. Anamva bango, anamva matope, anamva mpweya. Belu sanalimve. Ndipo anayankha monga Mngonde aliyense akanayankhira, koma iye motsimikiza kuposa onse, poti ndiye anali katswiri. "Ng'ombe yopanda belu, kuno? Kulije. Ndipo mvuu siyenda nthena. Awa ni wanthu, wanyamula katundu."

Atatero anakuwa m'Chinkhonde kuti amene ali m'bangomo aime, anene dzina. Chinthucho chinaima kamphindi. Kenako, chitamva mawuwo, chinayamba kubwera mothamanga. Yotamu anakuwanso, icho n'kuwonjeza liwiro. Bango la patsogolo pake penipeni litagwedezeka, anaponya mkondo ndi mphamvu zonse za munthu wamantha.

Kulira kumene kunatuluka m'nkhungumo anakudziwa kusanathe n'komwe. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akuluakulu, koma ichi ng'oma yake anali atachita kuchivula.

Anamupeza Mapunga atagwada m'matope, chingwe chodukaduka chikulendewera panyanga. Anali atathawa kumsasa, akubwerera kwawo kukhola la utsi. Yotamu sakanamuzindikira msanga ngakhale kukanakhala kowala. Nthiti zinkawerengeka. Pakhosi pamene pankakhala goli panali chilonda chofiira chonga chikhatho, msana wonse mizeremizere ya lamba, m'makutu nkhupakupa zokhazokha. Mkondo unalowa kumbuyo kwa nthiti, chakumimba, malo amene sapha msanga koma sachiritsika. Ng'ombeyo inatukula mutu n'kununkhiza dzanja la mbuye wake. Yotamu analira ngati mwana, pamaso pa amuna anzake amene tsopano anali kubwerera mmodzimmodzi.

A Manase ndiwo anayamba kuganiza. Mantha amathamangitsa nzeru za anthu ena, koma awo ankazinola. "Mkondo uwu aliyense akuudziwa mwini wake," anatero. "Ndipo iyi ndi ng'ombe ya boma. Mwabaya boma, tata Mwangosi, ine nditaima pambali panu." Anauzula mkondowo, Mapunga n'kubuula, ndipo anaupondereza m'matope mpaka unamira. Atatero anayang'ana amuna onse mmodzimmodzi. "Zigawenga zinaba ng'ombe ya boma. Ife tinazithamangitsa. Pothawa zinaibaya. Alipo anaona zina?"

Panalibe amene anaona zina. Kunali nkhungu.

Sajeni Wallace atafika ndi askari ake, nkhani ija anailandira ndi manja awiri. Ng'ombe yothawa pamsasa chifukwa cha njala ndi zikoti ikanakhala mlandu wake, koma ng'ombe yobedwa ndi adani inali umboni wakuti iye sanabwere kudzadyetsa udzudzu chabe. Pomwepo anatuma munthu ku Boma kukanena kuti nkhondo yayamba ndipo mdani wabwezedwa.

Yotamu anapukuta m'maso n'kupempha kuti aipumitse ng'ombeyo, poti sikanachira. "Bwana, yikupulika kuwawa. Iyi yingachire chara. Nizomerezgeni niyidumule pakhosi, yipumule."

"Ayi, madala," anatero sajeni. "Mukaipha, bwana wa ku Boma adzati tinaibaya tokha pofuna ndiwo. Aione ili moyo, bala la adani lili poonekera. Umenewu ndi umboni. Woigwira ndi mpeni ndiye kuti ali kumbali ya zigawenga, akufuna kufafaniza umboni."

Anaikapo askari mmodzi ndi mfuti kuti alondere. Mapunga, amene pamene anali wamoyo wathanzi boma silinamupatse ngakhale udzu wodzaza dzanja, tsopano anali ndi mlonda wakewake ngati nduna.

Koma bwana wa ku Boma sanabwere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Mitsinje inali itasefukira, msewu utaduka. Nkhungu itachoka kunabwera dzuwa la ku Karonga, lija limawotcha ngati lili ndi mangawa ndi munthu. Mapunga anagona cham'mbali pamphepete pa bango, mimba ikufufuma, ntchentche zitaphimba bala. Yotamu anamumangira kamthunzi ka masamba a nthochi. Ankamutungira madzi, ankamukolezera ndowe zouma kuti utsi uingitse ntchentche, ankamuyankhula. Zonsezi mlonda ankaloleza, poti zinkathandiza kuti umboni usafe. Yotamu anazindikira yekha kuti chifundo chake chikungotalikitsa ululu, komabe sakanatha kuleka kutunga madziwo.

Bertha anapirira tsiku loyamba. Lachiwiri anapita kukaona yekha, ndipo atabwerako anatenga mpeni wophera mbuzi n'kuunola pamwala, mwakachetechete, mpaka unang'anima. Anauika patsogolo pa mwamuna wake.

"Atate ake a Hilda," anatero m'chinenero chawo, "ng'ombe ija yakudyetsani zaka zonsezi. Lero ikukupemphani chinthu chimodzi."

"Ukufuna anditenge? Ukufuna ukhale wamasiye mwamuna ali moyo?"

"Sindikufuna. Koma mlonda uja amawodzera masana. Ndamuona."

"Akadzuka adzapeza khosi lodulidwa. Adzati yadzidula yokha?"

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komabe Bertha mpeni uja sanaubweze, ndipo Yotamu anautenga n'kuubisa m'malaya, kumimba, chitsulo chikumuzizira pakhungu.

Anapita nawo. Mlonda anawodzeradi, mfuti pamiyendo, pakamwa pali yasa. Yotamu anagwada pafupi ndi mutu wa Mapunga, dzanja lina pakhosi pamene mtsempha unkagunda mofooka, lina m'malaya pachigwiriro cha mpeni. Inali ntchito ya kamphindi. Anali ataphapo ng'ombe zambiri pamaliro ndi pamaukwati, dzanja lake linkadziwa njira. Koma anaganiza za lole imene imabwera kudzatenga anthu, za mphunzitsi wa ku Uliwa amene anapita nayo osamvekanso, za Bertha akugaula munda yekha. Dzanja linatuluka m'malaya lopanda kanthu. Anachita mantha, basi, palibe dzina lina loti tiwapatse. Ndipo anadzida yekha ndi chidani chimene anali asanadepo nacho munthu.

Mawa lake anapitanso ndi mpeni, n'kubwera nawo. Mkuja wake chimodzimodzi. M'bala munayamba kuyenda mphutsi. Fungo linafika poti mlonda anasamutsa mpando wake n'kukakhala kumtunda kwa mphepo. Miimba inayamba kusonkhana pamtengo wapafupi, yodekha ngati anthu odikira msonkhano. Mapunga sankabuulanso. Ankangopuma, diso lili pa Yotamu, ndipo mphamvu zija Yotamu ankazinyadira pamowa ndizo tsopano zinkamukaniza kufa.

M'mudzi, nkhani ya nkhondo inali ikukula bwino. Zigawenga zinayamba zili zitatu, pofika Lamulungu zinali gulu losawerengeka, ndipo a Manase anali atalimbana ndi mtsogoleri wake manja ndi manja. Amayi anayamba kuphunzira nyimbo yachipambano yoti adzaimbire bwana. Anthu ankamupatsa Yotamu moni waulemu monga mmodzi wa ngwazi za pamtumbira paja, iye n'kumayankha, mpeni uli pamimba.

Madzi ataphwa, bwana anafika. Anali munthu wamng'ono thupi, wa magalasi, wa mawu ofatsa. Galimoto anaisiya pouma n'kuyenda pamtumbira, amayi akuimba kumbuyo kwake. Sajeni Wallace anamenya sawasha n'kuyamba kufotokoza za kuukira kwa zigawenga. Bwana anamudula ndi dzanja.

"Zigawenga ziti, sajeni? Wailesi yanena dzana kuti m'dziko muno muli bata ndi mtendere, ndipo palibe chigawenga chimene chapondapo. Kapena inu mukudziwa zambiri kuposa wailesi?"

"Ayi, bwana."

"Nanga inu, a wapampando?"

Gulu losawerengeka lija linasungunuka pomwepo, pamodzi ndi mtsogoleri wake. "Ine ndinkanena kale, bwana, kuti mwina yadzibaya pachitsa. Bango lino lili ndi zitsa zoopsa."

"Ndiye yadzibaya pachitsa," anatero bwana. Nyimbo ya amayi inazilala yokha. Bwana anatsika pamtumbira, mpango pamphuno, n'kusuzumira pansi pa masamba a nthochi aja. Anayang'ana bala, anayang'ana msana, anayang'ana diso. Atawongoka nkhope yake inali itasintha, ndipo chisoni chake sichinali chachiphamaso ayi. Zikanakhala bwino chikanakhala chachiphamaso.

"Bambo anga ankaweta ng'ombe," anatero motsitsa. "Chibadwire sindinaone zotere. Ng'ombeyi ndi ya yani?"

Sajeni anayang'ana a Manase, a Manase anayang'ana kumtsinje. "Ndi ya madala awa, bwana," anatero sajeni pomaliza, akuloza Yotamu. Umu ndi mmene Mapunga anatulukira usilikali.

Bwana anamuyang'ana Yotamu kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Bambo, ng'ombe yanuyanu? Mwakhala mukuionerera ikuwola ili moyo masiku onsewa? Chinakuletsani n'chiyani kuipumitsa?"

Yotamu anatsegula pakamwa. Kumanja kwake kunali sajeni, kumanzere a Manase, kutsogolo wailesi imene sinama. Chichewa chake chonse chinamuthawa, ndipo ngakhale chikanakhalapo, panalibe mawu amene akanatuluka osamanga munthu. Anatseka pakamwa.

"Wina athamangire mpeni kumudzi," analamula bwana. "Msanga!"

Palibe anafunika kuthamanga. Yotamu anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa mpeni uja, wonoledwa bwino, wofunda ndi thupi lake. Bwana anauyang'ana, kenako anayang'ana mwini wake.

"Mpeni munali nawo nthawi yonseyi?"

"Ena, bwana," anavomera Yotamu.

Bwana anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene waona kuipa kwa mtima wa munthu mpaka pansi pake. "Anthu inu mulibe chisoni," anatero, ndipo anatembenuka n'kukwera pamtumbira, sajeni ndi wapampando akumutsatira, aliyense akupukusanso mutu wake.

Yotamu anagwada m'matope. Anaphimba diso la Mapunga ndi chikhatho chamanzere, n'kupepesa m'Chinkhonde. Ntchito imene inamukanika masiku onse aja inatha bwana asanafike pagalimoto.